Chitsamba cha Kuseri kwa Bafa

Kodi mungachidziwe chitsamba ichi? N'chachitali kupitirira denga la nyumba, masamba ake ndi obiriwira moderako, olimba, okhala ndi timano ting'onoting'ono m'mphepete. M'nyengo yozizira chimachita maluwa oyera okhala ndi ubweya wachikasu pakati, kenako chimabereka tizipatso ta njere zozungulira. Tamanda anakula nacho kuseri kwa bafa kwawo, pafupi ndi Milonde ku Mulanje, koma dzina lake sankalidziwa.

Chimene ankadziwa n'chakuti malemu bambo ake ndiwo anachidzala, ndipo analetsa iye ndi mchimwene wake Elson kuchikhudza. "Ameneyu ndi poizoni," ankatero. "Ndipo musakauze anzanu." Anawo anamvera. Ngakhale atakula, ankachilambalala monga amachitira munthu podutsa pamanda.

Tamanda anayamba kuthyola tiyi pa esiteti ali mtsikana. Maso ake anazolowera minda yosalala ngati tebulo, yolekeza m'chiuno, chifukwa kumeneko mitengo amaidulira isanatalike. Ntchito yake inkathera pa sikelo, ndipo m'fakitale anali asanalowemo. Chaka china, masamba atachepa chifukwa cha kuzizira, anamuimitsa ntchito pamodzi ndi anzake, ndipo anabwerera kumudzi kudzadwazika amayi ake amene anali atafa ziwalo mbali imodzi. Ankawatembenuza, kuwasambitsa, ndi kuchapa nsalu zimene sizinkauma chifukwa cha chiperoni, kamvula kowaza ka m'nyengo yozizira. Msana umene dengu linaupinda kale unkamuwawa kuyambira m'mawa.

Tsiku lina akuwadyetsa phala, amayiwo anatseka pakamwa.

"Iwe Tamanda, undithyolere masamba a mtengo wa bambo ako."

"Mtengo uti, amayi?"

"Wa kuseri kwa bafa. Uwafotetse, uwasinje mumtondo, uwasiye afiire, kenako uwakazinge paphale. Ndikufuna ndimwe madzi ake."

Tamanda anaika mbale pansi. "Si uja bambo ankati ndi poizoni?"

"Ndatopa, mwanawe. Ungondipatsa."

"Nanga dzina lake ndi chiyani?"

"Usakweze mawu! Kapitawo angamve."

M'mudzimo munalibe kapitawo, ndipo Tamanda anangoti mutu wa amayi wayamba kusokonezeka. Koma mawu akuti "ndatopa" anawamva bwino. Anaganiza kuti amayi ake akupempha imfa, ndipo akufuna kuti iperekedwe ndi dzanja la mwana wawo. Anakana. Kuyambira tsikulo amayiwo ankangolawa phala pang'ono n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Tsiku la msika Tamanda anavala jumbo kudzanja, anathyola nthambi ya maluwa, n'kupita nayo kwa Che Salehe, wogulitsa mankhwala azitsamba pa Milonde.

"Maluwawo mwabweretsera ine?" anatero Che Salehe. "Samalani, chemwali, mkazi wanga ali apo pa tomato, akukuonani."

"Mphamvu zoseka ndilibe, Che Salehe. Tandiuzani, mtengo uwu ndi mtengo wanji? Umapha?"

Che Salehe anainunkhiza nthambiyo, anaitembenuza, analuma tsamba limodzi n'kulavula. "Kuwawa kokha kulipo. Si ombwe, si mwabvi. Ine mitengo ya m'phirimu ndimaidziwa mpaka ku Chambe, koma uwu si wa kutchire. Uwu ndi wochita kudzala. Kafunseni mwiniwake."

"Mwiniwake ali kumanda."

"Ndiye musawapatse odwalawo. Mtengo wosaudziwa dzina sauika pamoto."

Azimayi ogulitsa nandolo pafupi anayamba kuponyapo maganizo awo. Wina anati ndi wotsirikira nyumba, wochokera ku Mozambiki. Wina anati anauonapo pabwalo la nyumba ya bwana, ndi duwa chabe. Wina anangofunsa ngati ungachize nyamakazi. Tamanda anabwerera kunyumba ndi maganizo ochuluka m'mutu, koma dzina loona palibe.

Elson atamva nkhaniyi anabwera pa njinga yake ya kabaza, chikwanje chili chomangirira pakaliya.

"Achimwene, dikirani kaye tiudziwe," anatero Tamanda.

"Tiudziwe kuti titani nawo? Iwe ndimakudziwa. Tsiku lina udzatopa ndi kulira kwawo, udzawapatsa. Kenako anthu adzati ana a m'nyumba muno anapha mayi awo."

Anadula nthambi zonse mpaka chitsambacho chinatsala cholekeza m'chiuno. Thunthu linamukanika, chikwanje chinali chobuntha. Anati abweranso ndi nkhwangwa kudzachizula, koma makasitomala anamuchulukira ndipo sanabwerenso. Amayi anamva kugogoda kwa chikwanjecho ali m'nyumba. Madzulo a tsikulo sanalawe ngakhale supuni imodzi.

Kuzizira kunatha, kunabwera kutentha. Amayi anaonda mpaka Tamanda ankawanyamula yekha popanda womuthandiza. Ankawanyengerera ndi nthochi, ndi mbatata yophwanya, ndi nyimbo za kutchalitchi. Ankadya pang'ono pongofuna kuti mwana wawo asiye kuwavutitsa. Za mtengo uja sanatchulenso, ndipo kukhala chete kumeneko kunkamupweteka Tamanda kuposa kupempha kuja.

Kenako mvula yoyamba inagwa. M'mawa wina Tamanda anapita kuseri kwa bafa kukayanika nsalu. Atayanika anangoima pomwepo, maso ali kuphiri, osaganiza chilichonse. Anali atatopa kwambiri moti sanazindikire kuti waima pafupi ndi chitsamba chija. Dzanja lake lamanja linayenda lokha. Lamanzere linatsatira. Zala zinkathyola, kusonkhanitsa, kuthyolanso, ndipo dzanja litadzaza linakwera paphewa kuti liponye m'dengu. Dengu panalibe. Masamba anagwera pansi kumbuyo kwake.

Apo m'pamene anayang'ana. Pamene Elson anadula panali pataphukira nsonga zanthete, zobiriwira mowala, zonse zolekeza m'chiuno. M'dzanja lake lamanzere munali zimene zala zake zinasankha zokha: masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga. Anafikisa tsamba limodzi n'kulinunkhiza. Linali fungo lomwe lija limene sopo ankalephera kulichotsa m'manja mwake.

Anakhala pansi padothi lonyowalo kwa kanthawi. Kenako anatola masamba aja, analowa m'nyumba, n'kuwaika m'dzanja la amayi ake limene linkagwirabe ntchito. Amayiwo anawafikitsa kumphuno.

"Wachedwa nawo," anatero.

"Bwanji simunangonena, amayi?"

"Bambo ako anandilumbiritsa. Njere zake anabwera nazo m'thumba la kabudula kuchokera ku nazale ya ku esiteti. Masiku amenewo akakupeza nazo, ntchito inkathera pomwepo."

"Nanga za poizoni zija?"

"Pakamwa pa mwana sipasunga kanthu. Inu mukapita kusukulu, iwo ankasinja okha, ine n'kukazinga. Tinkamwera kuseri komweko, chitseko cha bafa chili chotsegula kuti chititchinge. Wa m'sitolo safanana naye. Uja ndi fumbi."

Tamanda anatenga masamba aja m'dzanja la amayi ake. Anayala masambawo palichero kuti afote. M'mawa mwake anawasinja mumtondo, anawasiya mpaka anafiira, anawakazinga paphale, monga anauzidwira miyezi ija. Madzi atawira, nyumba yonse inadzaza fungo limene aliyense wa ku Mulanje amalidziwa.

Anawadzutsa amayi ake n'kuwatsamiritsa pachifuwa pake. Amayiwo anamwa pang'onopang'ono, maso ali otseka, mpaka kapu inafika pakati.

"Wachepetsa shuga," anatero. "Kodi mbatata ija yatsalako?"

Tamanda anapita kukatenga mbatata. Podutsa pakhomo anayang'ananso kuseri kwa bafa, kumene nsonga zina zinali zitatsala, zoti adzathyole mawa. Chitsamba chija chinali tiyi.