Felesiya wa M'nyimbo

Aphunzitsi a Kamwendo adali atamaliza kale tiyi wawo, koma chomwe adadzera chidali chisanatuluke. Adayamba ndi mitengo ya fodya, nadutsa pa za zipani, kenaka n'kufika pa nyimbo za masiku ano, zomwe adati n'phokoso la zitini. Felesiya ankangopukuta matebulo m'tiyirumu yake pamsika wa Mitundu, akudziwa bwino lomwe kumene njira yokhotakhotayi inkalowera.

Idafikadi. Aphunzitsiwo adati Loweruka kudzakhala mwambo ku Nathenje wolemekeza Efulemu Msampha, woimba amene dziko lidayamba kumuiwala akadali moyo. Iwo ndi aphunzitsi anzawo ndiwo adaganiza za mwambowo, ndipo a Wilson Kambalame, mwini magolosale amene ankafuna uphungu pachisankho chomwe chinkabwera, adalonjeza jenereta, zokuzira mawu ndi mipando.

"Tsono mpando wakutsogolo ndi wanu, mayi," adatero a Kamwendo. "Anthu akufuna kumuona ndi maso Felesiya wa m'nyimbo."

"Andione ngati ng'ombe ya mitu iwiri?" adayankha Felesiya. "Ndimakhala pano tsiku lililonse. Wofuna kundiona abwere adzagule tiyi."

A Kamwendo sadamve kunyoza kwake. Adakhala bwino pabenchi nayamba kumufotokozera mbiri ya Efulemu, ngati kuti mayiyo sadachapepo malaya a munthuyo. Adati Efulemu adali mwana wa tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Malingunde, adayamba ndi banjo ya chigoba cha galoni, nadzera m'kwaya ya mpingo, mpaka adapeza gitala. Adati nyimbo zake zonse ankapeka yekha, mawu ndi mayimbidwe omwe. Pamene anzake ankakuwa, iye ankaimba chapansipansi ngati munthu woopa kudzutsa mwana. Nthawi ya chipani chimodzi, oimba ambiri akupikisana potamanda akuluakulu, Efulemu ankaimba za njinga yotha matayala, za mvula ya chizimalupsa, za mwamuna wochita manyazi kupepesa. Ndipo pamwamba pa zonse padali "Ndisiyire Moto". Apa aphunzitsiwo adatsinzina, nagwira pachifuwa, n'kuyamba ndi mawu awo a tonde:

"Felesiya, ndisiyire moto,
ndikubwera ndi mame."

Felesiya adawachotsera kapu pamaso. Nyimboyo ankaidziwa kuposa iwo. Idapekedwa m'kanyumba kawo ka lendi ku Nathenje, iye ali woyembekezera, ndipo moto wotchulidwawo udali moto weniweni umene ankasonkhezera yekha podikira mwamuna wobwera m'mamawa akununkha mowa ndi mafuta a akazi ena. Nyimboyo italowa pawailesi, Efulemu adapita ku Blantyre kukaimba m'mahotela. Poyamba ankabwera pa Khirisimasi, kenaka ankangotuma moni, pomaliza ngakhale moniyo adatopa panjira. Mwana wawo Thandiwe adali atangoyamba kuyenda. Akazi a pamjigo ankati akamuona Felesiya n'kuyamba kung'ung'udza nyimboyo, ena momvera chisoni, ena mosangalala, mpaka iye adamanga katundu nasamukira ku Mitundu.

Chomwe chinkamupsetsa mtima koposa n'chakuti aphunzitsiwo sankanama. Nyimbozo zidali zabwino. Zaka zonsezi, wailesi ikati yaika mawu a Efulemu, manja a Felesiya ankaima okha m'beseni la makapu, ndipo ankadzida chifukwa cha zimenezo. Chikomekome cha mkuyu ankachidziwa, nyerere zake adazilawa, koma maso sankaleka kuyang'ana mkuyuwo.

Akadakhala yekha sakadapita. Koma Thandiwe, amene tsopano adali mtsikana wamkulu womaliza folomu folo, adali ndi makaseti onse a bambo ake ndipo adatenganso mawu awo. Ankaimba m'kwaya ya mpingo, ndipo akayamba iye amayi achikulire ankasiya kutsokomola. Bambo akewo ankawadziwa pachithunzi cha pakaseti basi. Madzulo a tsikulo adauza mayi ake kuti munthu wopeka mawu ofatsa chotero sangakhale woipa mpaka kumtima, kuti mwina moyo wa m'tauni ndiwo udamusokoneza, kuti anthu amasintha monga dziko lasinthira. Felesiya adayang'ana mwana wakeyo naona kuti akapanda kumuperekeza apita yekha. Adangomuuza kuti akamusitire chilundu chake cha kutchalitchi.

Loweruka adakwera matola, nafika ku Nathenje fumbi lili m'nsidze. Mwambo udali pabwalo la mpira pafupi ndi msewu waukulu. Chinthu choyamba chimene Felesiya adaona ndi nsalu za chipani zomangidwa pamitengo, ndi zithunzi za a Kambalame akumwetulira mano onse. Dzina la Efulemu lidalembedwa ndi choko pakabolodi kotsamira mwala. A Kamwendo, atavala jekete lawo la pamaukwati, adawakhazika kutsogolo nayamba kulozera anthu kuti uyu ndiye Felesiya uja. Anthu ankasuzumira, ena n'kumakhumudwa poyera kuona mayi wonenepa wa manja okhakhala. Mwina ankayembekeza mngelo.

A Kambalame adafika dzuwa litapendeka, pambali pawo pali akazi awo, mayi Jenipher, atamanga duku lalitali ngati nkhokwe. Adalankhula za milatho, mijigo ndi feteleza. Atakumbukira chomwe anthu adasonkhanira adati amakonda kwambiri nyimbo za m'bale wathu Elias, munthu wina nawanong'oneza, iwo n'kukonza osachita manyazi. A Kamwendo ataimirira kuti afotokoze mbiri ya woimbayo, adangofika pa banjo ya galoni, mkulu wa achinyamata a chipani n'kuwalanda chokuzira mawu ati nthawi yatha. Adabwerera pampando akumwetulira ngati awapatsa mphatso.

Kenaka Efulemu adatulukira. Felesiya adamva Thandiwe akumugwira mkono. Munthuyo adali atawonda, suti ikumulendewera m'mapewa, tsitsi atalidaya mpaka kuda ngati kunsi kwa mphika. Anyamata oledzera kumbuyo adayamba kukuwa kuti akufuna kwasakwasa, wina nati tsabola wakale sawawa. Efulemu adangokhala pampando, nakonza gitala pabondo, n'kuyamba nyimbo ya njinga.

Mawu adali akadalipo. Adali atakalamba pang'ono m'mbali mwake, koma pakati adali omwe aja, ofewa, osathamanga, ofika pamunthu ngati akumuuza iye yekha. Oledzera aja adayamba kuzizira. Amayi ogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu adasiya malonda nayandikira. Pofika pa nyimbo ya mwamuna wochita manyazi kupepesa, bambo wina wachikulire pafupi ndi Felesiya ankapukuta m'maso ndi chipewa, ndipo bwalo lonse linkayankha chapansipansi. Thandiwe ankaimba nawo misozi ili mbwembwembwe. Felesiya nayenso adadzifunsa ngati zaka zonsezi sadaumitse mtima mopyola.

Nyimboyo itatha, mkulu wa achinyamata uja adapita kukamunong'oneza Efulemu. Iye adagwedeza mutu kuvomera, nayang'ana kumipando ya kutsogolo. Maso ake adadutsa pa Felesiya ndi Thandiwe, adaima pang'ono, n'kupitirira.

"Nyimbo iyi mukuidziwa nonse," adatero. "Lero ndiulule. Poipeka ndinkaganiza za mzimayi wa mtima wabwino, mayi wa dera lino, amene adzasunge moto wa chitukuko. Mayi Jenipher Kambalame."

Gitala lidayamba monga mwa kale. Koma dzina latsopanolo lidali lalifupi, silinkadzaza malo ake, choncho Efulemu ankalikoka ngati lasitiki: "Jenifa-a, ndisiyire moto." Achinyamata a chipani adaimba m'manja. Mayi Jenipher adanyamuka akuvina ndi mapewa nakamukoleka woimbayo nsalu ya chipani m'khosi. Anthu amene adalozeredwa Felesiya uja adatembenuka onse kumuyang'ana. A Kamwendo adapeza chinthu chofunika kuchiyang'anitsitsa pansapato zawo.

Felesiya adadabwa kuona kuti sizidamupweteke. Chimene chidamubwerera ndi kuseka, kuseka kouma kotulukira m'mphuno. Zaka zonse zija adasenza dzina lake ngati mtolo wa minga, osadziwa kuti mwini nyimbo ankaliona ngati chigamba chomatula n'kusokapo china. Koma dzanja la Thandiwe lidali litachoka pamkono pake. Mtsikanayo adakhala chowongoka, maso ouma, milomo yotseka. Nyimbo isanathe adauza mayi ake kuti azipita matola asanathe.

Lolemba masana, anthu a pamsika atachepa, Efulemu adalowa m'tiyirumu atanyamula gitala ndi kachikwama. Adapereka moni mwaulemu wonse, nakhala pabenchi ya pakhomo ngati mlendo wodziwa malo ake. Thandiwe adatuluka kukhitchini naima potsamira chitseko. Felesiya adamuthirira tiyi namuikira sikono, monga amachitira ndi aliyense.

Efulemu adayamba ndi kudandaula. Adati mahotela adasiya kumuitana, wailesi ikuika nyimbo za ana ovala zipewa chammbuyo, makaseti ake akungojambulidwa m'misika iye osaonapo kanthu. Za Loweruka adati asazitengere kumtima, dzina ndi dzina chabe, aliyense akudziwa mwini nyimboyo. Njala ndiyo imaimbitsa munthu zotere.

"Ndabwera kwathu, amake Thandi," adatero ndi mawu ake a m'nyimbo aja. "Madzi saiwala khwawa."

"Khwawalo tidakwirira kale," adatero Felesiya. "Tidabzalapo nthochi."

Efulemu adaseka pang'ono, natembenukira kwa Thandiwe. Adati wamva kuti mwana wake ali ndi mawu osowa. A Kambalame akufuna gulu loimba pamisonkhano yawo yonse mpaka chisankho, ndipo adanena okha kuti pakhale mtsikana, chifukwa anthu a masiku ano safuna kuyang'ana nkhalamba yokha. Bambo ndi mwana wake pa nsanja imodzi, dziko lonse lidzalankhula. Akapambana a Kambalame, kujambula kaseti ku Blantyre n'kosachita kufunsa.

Apa mpamene Felesiya adachita mantha. Tsopano adadziwa chimene munthuyo adadzera, ndipo adadziwanso kuti wagwira pamene pali pofewa. Thandiwe ankalota za kaseti yakeyake kuyambira ali ku pulayimale. Mawu adadzaza m'kamwa mwa Felesiya, akuthwa okhaokha, koma adawameza. Akadaletsa iye, mwanayo akadamusungira chifukwa moyo wake wonse. Adatenga nsanza nayamba kupukuta tebulo loyera kale.

Thandiwe adafunsa bambo akewo, mwaulemu, ngati adawaona iye ndi mayi ake Loweruka pamipando ya kutsogolo. Efulemu adati adawaona, ndipo mtima wake udadumpha.

"Ndiye munatiyang'ana, n'kuimbabe?"

Efulemu adatenga sikono nayamba kuinyemanyema.

"Nyimbo zanu ndinakulira nazo, bambo," adatero Thandiwe. "Ndi zabwino, ndipo sindisiya kuzimvera. Koma pansanja nanu sindikwera. Mawa a Kambalame akagwa mudzandiuza ndiimbe dzina la mkazi wa wina."

Efulemu adayesanso kwa Felesiya. Adapempha pogona, ngakhale kakhonde kokha, masiku ochepa, mpaka zinthu zitakhala bwino. Felesiya adamuuza kuti mlongo wa Efulemuyo akadali ku Malingunde ndipo nyumba yake ndi ya malata. Adanena zimenezi mopanda ukali, ngati akulozera munthu wachilendo njira ya kuchipatala. Adakulunga masikono awiri m'pepala naika pamwamba pa kachikwama kaja.

Thandiwe ndiye adanyamula kachikwamako. Felesiya adaima pakhomo nawayang'ana akudutsa pakati pa ogulitsa tomato kulowera kokwerera galimoto, mtsikana patsogolo, bamboyo pambuyo gitala lili kumsana, akupatsa moni anthu amene sankamuzindikira.

Thandiwe adabwerako maso ali ofiira. Adatenga beseni kuti ayambe kutsuka makapu, koma mayi ake adamulanda namuuza kuti apite kunyumba akagone pang'ono. Sadamufunse zimene adakambirana panjira. Alimi atatu ochokera kogulitsa fodya adali atalowa kale akuitanitsa tiyi wamkaka, ndipo Felesiya adapita kukawathirira yekha.