Dzanzi la Kanjinga

Mwana wawo wamkazi ankamutchula Kanjinga chifukwa asanadwale sankayenda, ankangothamanga. Anali ndi chotupa mu ubongo. Mankhwala akale atakanika, madokotala anamulowetsa m'kafukufuku wa mankhwala atsopano a khansa, ndipo chotupacho chinayamba kuchepa. Koma sabata imeneyo anagwetsa kapu, kenako anapunthwa pansi posalala.

Ali pabenchi kudikira dilipi, bambo ake ananong'oneza mkazi wawo.

"Mayi a Kanjinga, zakugwazi musazitchule. Mwana wa pabedi lapakona uja anamuchotsa m'kafukufuku atangodandaula dzanzi."

"Nanga akapuwala?"

"Kupuwala si maliro."

Mayiyo anangokoka chipewa cha mwanayo kuti chiphimbe chipsera cha opaleshoni.

M'chipinda munkanunkha sipiriti, ndipo namwino anali atapachika kale thumba la mankhwalawo pachitsulo. Dokotala wa kafukufuku, mayi wa magalasi okhuthala, anafunsa ngati pali chachilendo.

"Palibe, adokotala. Akudya ngati dzombe," anatero bambowo.

Dokotala anatembenukira kwa mwanayo. "Nanga mwiniwake akuti bwanji?"

Kanjinga anayang'ana bambo ake, kenako nsapato zake. "Mapazi anga akumagona ine ndili maso."

Namwino anasiya kumasula kapaipi.

"Ndi nsapato, zikumuthina," bambowo anafulumira.

"Si nsapato," anatero mayi a mwanayo. "Ngakhale batani sakutha kumanga. Lamulungu anagwa kubafa."

Dokotala anamuvula masokosi n'kumubaya pang'ono chala ndi kamtengo. Mwanayo sanaphethire n'komwe.

"Lero salandira," anatero dokotala.

Bambowo anaimirira, mpando n'kugwa. "Mwanayu alibenso kwina kopita. Inu mukudziwa."

"Ndikudziwa, bambo. Koma mankhwalawa akudya mitsempha, ndipo akumalandiranso ana ena. Ndikakambirane ndi anzanga. Sindikulonjezani kanthu."

Anawasiya pakhonde. Mwamuna anakhala uko, mkazi uku, Kanjinga pakati akuwodzera. Chitseko chikatseguka, onse ankadzidzimuka.

Dokotala anabwera dzuwa litapendeka. Kanjinga sanachotsedwe. Apuma kaye mpaka dzanzi lichepe, kenako ayambiranso ndi mlingo wochepa. Ana awiri ena nawonso awachepetsera.

"Nanga chotupacho chidikira?" anafunsa bambowo.

"Sindikudziwa. Timujambula Lachisanu."

Potuluka, bambowo anamubereka mwanayo kumsana. Pageti anaima osacheuka, mpaka mkazi wawo anawapeza.