Madontho Ofiira pa Injini

Ntchito yanga kuchipatala ndi yotsuka zipangizo za madokotala, ndipo ndinatengako matenda amodzi: ndikaona kadontho, dzanja limapita lokha kukapukuta. Matenda amenewa ndi amene anatsala pang'ono kupha galimoto ya mkazi wanga.

Loweruka lina m'mawa ndinati ndisinthe ndekha lamba wa mano wa m'kati mwa injini, pamodzi ndi tenshona, kawilo kamene kamamukunga. Vidiyo ya pafoni ndinaionera kanayi mpaka ndinayamba kuyenda ngati makaniko. Lamulo lalikulu linali loti usanachotse lamba wakale, uike zizindikiro pa mawilo awiri amene iye amalumikiza, la pamwamba ndi la pansi, chifukwa akaphonyana mapisitoni amaswa mavalavu, injini n'kuthera pomwepo. Mkazi wanga anandibwereka penti yake yofiira ya m'zikhadabo, ine n'kudontheza bwinobwino.

Nditangochotsa lamba, wilo la pamwamba linadumpha lokha. Sindinade nkhawa poti zizindikiro zinalipo. Kenako maso anga anagwera pa mafuta akuda amene anamatirira paliponse. Ndinatenga kansanza ndi thina, mankhwala osungunula penti aja, ndinapukuta mpaka zitsulo zinati waliwali.

"Nanga madontho aja ali kuti?" anafunsa mkazi wanga atasuzumira.

Iye ndi mzamba, amayendera zipatala zitatu zazing'ono ndi galimoto yomweyi, ndipo Lolemba amayi oyembekezera ankamudikira. Sanakalipe. Anangopinda manja n'kunena kuti, "Zikomo, abambo aukhondo." Bola akanandimenya.

"Akamwini, wilo lija ladumpha mano angati?"

Anali apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga, ali pampando wawo pakhonde. Anagwira umakaniko zaka makumi atatu, koma matenda a shuga anawatseka maso zaka zinayi zapitazo. Chibwerereni kwathu tinkangowapatsa wailesi, mankhwala ndi ulemu.

"Sindinawerenge, bambo."

"Silinapite patali, ndalimva. Ndigwireni dzanja."

"Ababa, mudzipweteka," anatero mwana wawo.

"Iwe, maso ndiwo anapuma pantchito, osati ine."

Ndinawafikitsa pagalimoto. Anasisita chitsulo kamodzi n'kuseka. "Mwatsuka ngati mukufuna kudyerapo." Kenako nkhope yawo inasintha. Zala zija, zimene ndinazolowera kuziona zikufufuza kapu patebulo, zinalowa m'injini molunjika ngati za munthu wopisa m'thumba lake.

Anandiuza ndichotse pulagi yoyamba, iwo n'kutsitsira sikuludiraiva yaitali m'bowo limene munali pulagiyo.

"Sunthani wilo la pansi ndi sipanala. Pang'ono pokha. Bwezerani. Eya... imani!"

Anaimva pisitoni itafika pamwamba penipeni, ine osaona kalikonse. Atatero anayendetsa chikhadabo m'mphepete mwa wilo la pamwamba, dzino ndi dzino, milomo ikuwerenga chamumtima. Anaima.

"Bweretsani chala."

Anachigwira n'kuchikanikiza pachitsulo. Panali kamzere kochepa ngati tsitsi, kamene anadinda opanga injiniyo. Ine wamaso awiri ndi magalasi ndinapapukuta pamenepo katatu osakaona. Ndinali ndisanaonepo munthu akudziwa chinthu chotero, ndipo ndinachita manyazi ndi mantha nthawi imodzi.

Anabweza wilolo mpaka kamzere kanayang'anizana ndi kanzake ka kumbuyo, ine n'kuveka lamba watsopano. Tenshona anamanga okha. Anadina lamba ndi chala chachikulu, anamasula pang'ono, anadinanso, n'kugwedeza mutu. Ine ndinali nditatulutsa kale makiyi.

"Bwezani m'thumba amenewo. Zunguzani injini ndi dzanja kawiri kathunthu. Ikafuna kukana, ikanire m'manja mwanu, chifukwa makiyi samva chisoni."

Ndinazunguza mtima uli m'mwamba. Koyamba inadutsa. Kachiwiri inadutsanso, ndipo chikhadabo chawo chinapeza mizere ija ili pamodzi. Tinabwezera pulagi ndi zotsekera zonse dzuwa litapendeka.

Mkazi wanga ndiye analowa m'galimoto kukailiza. Apongozi anaika chikhatho pambali pa galimoto, mutu atapendeketsa. Injini inadzuka kamodzi n'kamodzi, n'kumalira mosalala kuposa tsiku limene tinaigula. Mkazi wanga anatuluka akupukuta misozi ndi mkono, ine ndinangoima kukamwa yasa, sipanala ili m'manja.

Iwo sanasangalale nafe nthawi yaitali. Anapempha kansanza, n'kumapukuta chala chimodzichimodzi.

"Loweruka likubwerali mutsegule tayala lakumbuyo, la kumanzere," anatero. "Mabuleki ake atha. Akhala akukhula chitsulo miyezi itatu tsopano, ndimawamva mwanayu akamalowa pageti."

"Miyezi itatu, Ababa?" anatero mkazi wanga. "Ine n'kumayenda nayo tsiku lililonse? Bwanji osanena?"

"Ndinanena kawiri, mwanangu. Koyamba unandifunsa ngati ndamwa mankhwala. Kachiwiri akamwiniwa anandikwezera wailesi."