Nambala Yachiwiri pa Fomu

Tahira Gondal anafika pa tsamba 23 la buku la malangizo tiyi wake atazizira kale. Bukulo linali la pulogalamu yatsopano ya pa kompyuta imene abwana ake, a Shafqat, anabwera nayo sabata yatha. Akuti pulogalamuyo inkaganiza yokha. Inkalembera makasitomala mauthenga, kuwakumbutsa tsiku lobwera, ngakhale kuyankha mafunso awo popanda munthu kukhudza foni.

Sukulu yawo inali kuseri kwa msika wa nsalu mu mzinda wa Faisalabad, ndipo inkaphunzitsa amayi kuyendetsa njinga yamoto. Kwa zaka zinayi mauthengawo ankalemba ndi Tahira, mayi aliyense wakewake.

"Liwerengeni bwino, Baji," a Shafqat anatero pomupatsa bukulo, akumutchula mwaulemu ngati mchemwali wamkulu. "Mwa tonse pano, amene munapita ku koleji ndinu. Mukapeza chovuta mundiuze."

Masamba oyambirira anali odzitama okhaokha. Yachangu, yaulemu, yosatopa, yosadwala. Tahira anangoti mumtima, ndiye ingokwatiwa basi. Koma m'munsi mwa tsamba 23 munali mzere wa tizilembo ting'onoting'ono: "Uthenga ukapanda kuwerengedwa pakatha maola awiri, pulogalamu idzayesa nambala ina iliyonse yolembedwa pa dzina la kasitomalayo."

Anawerenga kawiri.

Amene analemba bukulo sanaonepo fomu ya kuno. Fomu iliyonse, kaya ya chipatala, kaya ya sukulu, imakhala ndi mpata wa dzina ndi nambala ya bambo kapena mwamuna wa mkaziyo. Palibe mayi amasiya mpatawo wopanda kanthu, chifukwa akatero kalaliki amamuyang'ana ndi diso lina. Komanso palibe wanzeru amaimba nambala imeneyo. Zimenezi sizinalembedwe paliponse, zinangokhala m'mutu mwa Tahira.

Woyamba kumukumbukira anali Shagufta, mayi wa ana awiri amene ankabwera Lachinayi lililonse. Kunyumba ankanena kuti akupita kukasoka kwa azakhali ake. Foni yake ankaithimitsa n'kuikwirira m'chitini cha mpunga, ndipo ankaiyatsa pokhapokha amuna ake, a Mazhar, akapita ku fakitale ya ulusi. Ankafuna ntchito yoyenda m'makomo kupereka katemera, yomwe sapatsa munthu wosadziwa njinga. Dzanja lake lamanzere silinkawongoka bwino. Tahira atamufunsa tsiku lina, anayankha akuyang'ana pansi kuti anagwa pa masitepe. Chisoti chake chobiriwira ankachisiya pa msomali kuseri kwa chitseko cha ofesi, popeza kunyumba sichikanalowa.

Tahira anayamba kufufuza pothimitsira khalidwe limeneli. Tsamba 41 linati aone gawo 7. Gawo 7 linali ndi mawu awiri okha: "Likubwera posachedwa." Anakwiya. Masamba makumi asanu ndi limodzi odzitamandira, koma pa chinthu choti chikhoza kupweteketsa munthu, mawu awiri!

A Shafqat anawapeza pabwalo akupopa tayala.

"Bwana, pulogalamu ija musaiyatse kaye. Pali mzere woopsa."

"Inu Baji, chilichonse chatsopano kwa inu n'choopsa," anaseka a Shafqat. "Fani ija munkatinso itigwera pamutu."

"Mayi akapanda kuwerenga uthenga, imatumiza kwa amuna ake."

A Shafqat anasiya kupopa. Anali munthu wabwino mtima, koma wopupuluma ngati mwana wolandira nsapato zatsopano.

"Ndaiyatsa m'mawa," anatero motsitsa mawu. "Naini koloko. Ndimangofuna kuyesa."

Nthawi inali itakwana kale thwelofu.

Analowa mu ofesi onse awiri. Pa kompyuta panali mndandanda wa mauthenga 52, ndipo asanu ndi anayi anali atapita ku nambala yachiwiri. Tahira anatsitsa chala pa mayinawo. Uyu bambo ake ndi amene anamulembetsa. Uyu amuna ake amamuperekeza okha. Uyu zilibe kanthu. Dzina lachisanu ndi chiwiri linali la Shagufta.

Pulogalamuyo sinangokumbutsa chabe. A Mazhar anali atayankha, iyonso n'kucheza nawo.

"Ndani ameneyu?" analemba a Mazhar.

Inawauza dzina la sukulu ndi msewu wake.

"Wayamba liti mkazi wanga?"

Inawauza mwaulemu wonse kuti wabwera maulendo khumi ndi umodzi, akuchita bwino kwambiri, ndipo adzabweranso Lachinayi pa fili koloko.

"Zikomo," analemba a Mazhar.

"Takondwa kukuthandizani," inatero pulogalamu.

A Shafqat anakhala pa mpando, manja kumutu. "Ndiwaimbire? Ndinene kuti nambala yalakwika?"

"Anena okha kuti ndi mkazi wawo, bwana. Nayo yavomera."

A Shafqat anaithimitsa pulogalamuyo pompo. Tahira anaimba foni ya Shagufta, koma inali yothimitsa. Anaimbanso madzulo, anaimba Lachiwiri, anaimba Lachitatu. Ankachita mantha, ndipo ankadziimba mlandu. Bukulo analilandira Loweruka, koma analisiya pa tebulo chifukwa kwawo kunali ukwati wa msuweni wake. Akanawerenga Loweruka lomwelo, tsamba 23 akanaliona nthawi ikadalipo.

Lachinayi pa fili koloko anaima pa geti. Amayi ena anabwera, anavala zisoti zawo, njinga zinalira. Patapita mphindi khumi kunatulukira bambo wamfupi wa malaya oyera ositidwa bwino. Anapereka moni mofatsa n'kunena kuti ndi a Mazhar. Anapempha kuti dzina la mkazi wawo lifufutidwe.

"Shagufta ali bwanji, achimwene?" Tahira anafunsa.

"Sakupeza bwino."

"Chavuta n'chiyani?"

A Mazhar anamuyang'ana m'maso kwa kanthawi.

"Wagwa pa masitepe," anatero.

Tahira analowa mu ofesi, anachotsa chisoti chobiriwira pa msomali n'kutuluka nacho. A Mazhar anati alibe nacho ntchito, achipereke kwa wina. Atapita, Tahira anachibwezera pa msomali womwe uja.