Akaunti ya Achimwene

"Iwe Digiri," anatero a Mawaya, bwana wathu wa zamakompyuta, akutafuna chivindikiro cha cholembera. "Lowa mu dayirekitale, mndandanda wa antchito uja, usake maakaunti onse amene eni ake anasiya kulowamo kalekale. Uwatseke, osafufuta. Akuba amakonda khomo lopanda mwini."

Amanditcha Digiri chifukwa ndilibe. Ndinasiya koleji achimwene atamwalira, ndipo kampani, pofuna kutipukuta misozi, inandipatsa mpando wawo m'kachipinda ka maseva, kozizira ngati firiji. Mpandowo umapendekerabe kumanzere, momwe ankakhalira.

Ndinayamba ndi kamluzu. Dalaivala amene anapita kutchuthi osabwerako, ndatseka. Mlembi amene anakwatiwa n'kutiiwala, ndatseka. Kenako dzina la achimwene linatulukira pakati pa anthu othawa ntchitowo, ngati nawonso anangojomba.

Ndinapita kukamwa madzi, ludzu ndilibe. Nditabwerako ndinadina. Pa dzina lawo panangooneka kamuvi koloza pansi, kosonyeza kuti akaunti yatsekedwa, basi. Kumanda kuja bola kunali nyimbo.

Posakhalitsa chitseko chinatseguka. Anali amayi a pa risepushoni, mafayilo ali m'khwapa.

"Mwanawe, sikana yojambulira mapepala ija yafa."

"Mwayesa kuizimitsa n'kuyatsanso?"

"Ndaizimitsa, ndaiyatsa, ndaimenya khofi. Kwatsala n'kuipempherera."

Kumbuyo kwawo kunasuzumira mkulu wa zamalonda, tayi ili paphewa. "Aise, wagwira chiyani? Kasitomala akudikira kontirakiti, iwe uli phee mufiriji muno!"

Tonse tinakhamukira ku sikana. A Mawaya anawerama n'kuyamba kuidinadina, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Mwadzidzidzi anaphulika ndi phwete.

"Mkulu wako ameneyu! Anaika dzina lake ndi pasiwedi yake mu sikanamu. Ndinamuuza kuti aipangire akaunti yakeyake, iye amvekere, 'Ndi zongoyembekezera, bwana, ndikonza mawa.'"

Pa mawu akuti mawa, kuseka kunawathera.

"Inu simumadziwa?" anafunsa amayi aja. "Pepala lililonse ndikasikana limafika mu imelo ndi dzina lake. Ine ndimangoti, zikomo bambo, mukugwirabe ntchito kuposa amoyo ena." Anaponya diso kwa wa zamalonda.

"Nanga ine ndatani?"

Ine sindinkadziwa. Sindinasikanepo kanthu chibwerere. Miyezi yonseyi achimwene akhala akutumizira mapepala ofesi yonse, mpaka wa zamalonda amene sanabwere n'kumaliro komwe, kupatula ine.

"Akaunti ya mkulu wakoyo itsegule kaye, anthu agwire ntchito," anatero a Mawaya. "Ukapangira sikana akaunti yake, ya mkulu wakoyo uitsekenso. Zikutengera nthawi yaitali bwanji?"

Ndi ntchito yoti munthu amaimaliza tiyi asanazizire.

"Ndi chintchito, bwana," ndinayankha. "Pafunika kufufuza bwinobwino."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kupanga maakaunti.

"Eya, chintchito," anatero pomaliza. "Koma pasiwedi usinthe lero lomwe. Zinazo usathamange nazo."

Ndinabwerera kukachotsa kamuvi kaja. Sikana inadzuka, wa zamalonda anathamanga ndi kontirakiti yake osathokoza.

Anthu atapita kukadya masana, ndinatsegula chivindikiro cha sikana. Ndinalibe pepala, choncho ndinaika chikhatho changa pagalasi n'kusankha dzina langa pa mndandanda wa olandira. Kuwala kunadutsa pansi pa zala, kofunda pang'ono.

Ndisanafike pampando, foni inanjenjemera m'thumba. Uthenga wochokera kwa achimwene.