Mkodzo wa Kalekeni

Kalekeni tinamugwira dzuwa lili pamutu, akumangirira mbuzi ya ba Bornwell panjinga, kuseri kwa matumba athu a malasha pa Chinyunyu. Ba Kingsford, amene anagwirako ulonda ku Lusaka ndipo satopa kutikumbutsa, anatilangiza kuti nkhope tisakhudze. Timenye kumsana, m'munsi mwa nthiti, pomwe kapokola, wapolisi, sayang'ana. Tinamugoneka chafufumimba pamiyala. Wina mpini wa khasu, wina tcheni cha njinga, ine thabwa chabe, poti ndine munthu wachifundo. Anakuwa mpaka mawu anatha, ife osaleka. Tinamusiya mpini utathyoka. Anadzuka yekha n'kupita kwawo akuyenda cham'mbali ngati nkhanu, ife n'kutamanda maphunziro a ba Kingsford.

M'mawa mwake Kalekeni anakodza zakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Tsiku lachitatu sanakodze n'komwe. Miyendo inatupa, anayamba kusanza, ndipo mkazi wake Rachael anamutengera kuchipatala ku Mpanshya.

Anzanga anandituma ndi nthochi, ati ndikamuone wodwala, koma kwenikweni ndikamve ngati watchula maina. Nesi anandiyesa mbale wake, nandifotokozera bwinobwino. Impso ndi ziwiri, ndipo zimakhala pomwe tinamenyapo ndendende. Zimasefa magazi osapuma, zoipa ndi madzi otsala n'kutuluka ngati mkodzo. Mnofu wa munthu ukaphwanyidwa, zinyalala zake zimatseka sefayo, poizoni n'kumangozungulira m'thupi. Akapanda kukodza, anatero nesiyo, ndiye kuti makina osefa magazi a ku Lusaka, ngati angakafike wamoyo.

Ine sukulu ndinalekera giredi seveni, koma ndimadziwa kuti kumenya wakuba ndi nkhani ina, mtembo ndi nkhani inanso. Amuna asanu ndi mmodzi, ena osalowa m'tchalitchi chibatizidwire, tinayamba kupempherera chikhodzodzo cha mbava. Ba Kingsford anasiya ndi mowa womwe.

Lachisanu ndinapeza kathumba ka mkodzo kolendewera pabedi lake kali ndi timadzi tachikasu, tosadzaza ngakhale kapu. Chibadwire sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Ndinatsala pang'ono kukapsompsona.

Rachael anandiyang'ana, uku akupukuta mwamuna wake pakamwa.

"Mwakondwa, ba Maybin?"

Ndinati ndakondwa kwambiri, mlamu, Mulungu ndi wamkulu.

"Nanenso. Kuyambira dzulo akamba bwino. Akapokola alemba maina onse sikisi. Khalani pabenchi apo, musavutike kuthamanga, ali pageti."