Batani Logwadira

Mayi Felesta ankadziwerengera m'gulu la akazi olimba. Kuchipatala ku Nedlands, kutsidya kwa nyanja komwe ankakhala, ankatembenuza odwala olemera ngati thumba la chimanga, ndipo kutchalitchi ndiwo ankatsogolera amayi. Koma mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, dzina lake Tayamika, anali atasiya kuwalankhula, ndipo zinkawapweteka koopsa.

Nkhani inayamba Lamulungu lina kutabwera bambo Lamson, mkulu wa mpingo. Tayamika anawapatsa tiyi ali chiimire. Mayi Felesta anamukalipira alendo ali pomwepo, mpaka kulowetsamo gemu ya ku Japan imene mwanayo ankaikonda, ya mtsikana walupanga wolumpha pamadenga.

"Chikukuwononga ndi chimenecho!"

Tayamika anayankha m'Chingerezi chake chotulukira m'mphuno kuti mtsikana walupangayo ndiye mkazi yekhayo amene anamuonapo wosagwadira munthu. Atatero anakadzitsekera kuchipinda.

Yekhayo! Nanga iwo, ndi mphamvu zawo zonsezi?

Tsiku lina ataweruka kuntchito, mwana ali kusukulu, anati amuone bwinobwino mdani wawoyu. Anayatsa TV. Mtsikanayo anatulukira, kasiketi kake kongofanana ndi mpango wa m'thumba. Mayi Felesta sanachedwe, anatenga chitenje n'kuphimba TV kuyambira m'chiuno mwa mtsikanayo kutsika. Apo ndiye anakhala pansi, magalasi pamphuno, n'kuyamba kudinadina mabatani ngati akusankha nyemba.

Anagwera m'maenje, anawomba makoma, anatema mtengo wosalakwa. Kenako anapeza batani loti ukalidina mtsikanayo amagwada. Mtima unakhala m'malo. Kani mwanayu analangizidwa ndithu, kungoti Tayamika sankadina poyenera!

Posakhalitsa mtsikanayo anafika pachipata pomwe panaima nkhalamba ya imvi, ndevu mpaka pachifuwa. Munthu wamkulu chonchi sumudutsa chiimire. Mayi Felesta anadina batani lija. Nkhalamba inasolola lupanga, khaa! Gemu inayambiranso. Anaganiza kuti mwina anagwadira patali, ndiye ulendo uno anasendera pafupi. Khaa!

"Mami, mukutani?"

Anali Tayamika, chikwama chidakali kumsana, maso ali pachitenje chili lendelende pa TV. Mayi Felesta anachita manyazi, koma pothawira panalibe.

"Ndikumuphunzitsa ulemu mnzakoyu. Koma agogowa ndi ovuta bwanji."

Tayamika anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Kuseka kumeneko amayi ake anali atakusowa kwambiri, moti sanadandaule kuti wosekedwayo ndi iwo. Mpweya utabwerera, mwanayo anayesa Chichewa chake chopunduka.

"Si agogo amenewo, Mami. Anaotcha mudzi wawo. Mukagwada, amakudulani."

Mayi Felesta anakumbukira abale a malemu bambo awo owabereka, amene anasesa katundu yense m'nyumba maliro atangoikidwa. Madzi osamba m'manja anawapatsa ndi iwo tsiku limenelo, atagwada bwinobwino monga anaphunzitsidwira.

Anasendera kuti mwanayo akhale nawo pampando.

"Bambo Lamson uziwagwadirabe, usandiyese," anatero. "Ndipo chitenjecho chisachoke. Koma mdala uyu ayi. Tandionetsa, batani loimirira ndi liti?"

Tayamika anakhala pambali pawo, n'kugwira chala cha amayi ake kuchiika pabatanipo.